Vidiyo Imene Sindinaionere Mpaka Kumapeto

Sinda, Lachinayi masana

Rute mwana wanga,

Ndikulemba iwe uli kwa azakhali ako kukalukitsa tsitsi, ndipo podziwa mmene inu awiri mumachezera, ndili ndi nthawi yodzaza kope lonse. Atate ako ali kudimba. Katundu wako ndamuona: ndowa ziwiri, matiresi, mbaula, ndi laputopu ija imene waikulunga m'chitenje changa chatsopano osandipempha. Tenga, sindichifunanso. Kalatayi ndiika m'thumba la m'mbali la chikwama chakuda. Uiwerenge ukafika ku Vubwi, osati m'minibasi, chifukwa iwe ukawerenga pamsewu umachita chizungulire n'kuvutitsa anthu osalakwa.

Ndiyambe ndi chimene chandilembetsa. Kudera la sukulu imene akutumizayo kuli mayi wina dzina lake Esinala. Anali mwana wa m'kalasi mwanga, giredi seveni, ndipo sanalembe mayeso ake chifukwa cha ine. Ndinakumana naye mwezi watha pamsika wa Katete, pakamwa panga n'kuthamanga, ndinamuuza kuti mwana wanga akubwera kudzaphunzitsa kwawoko. Choncho adzakufunafuna, ndipo adzakupempha chinthu chimodzi. Usanamuyankhe uyenera kudziwa nkhani yonse. Nkhaniyo ikukhudza mavidiyo aulere a pa intaneti amene wadzaza mu laputopumo, amene ukuwadalira ngati kuti adzakuphunzitsira ana iwe utakhala pampando n'kumaonerera zikhadabo zako.

Usaganize kuti ndimadana nawo mavidiyowo. Pasukulu yathu ija ya kuseri kwa Mkaika, ine ndinali woyamba kulowa ndi foni m'kalasi, aphunzitsi anzanga akundinena kuti ndikufuna kuoneka wa m'tauni. Ana amene sanaonepo nyanja yamchere anaiona ili m'dzanja langa. Anaona phiri likulavula moto, anaona nyemba ikuphuka n'kutulutsa masamba iwo asanaphethire kawiri, zinthu zimene ine ndinangoloweza m'buku osadziwa n'komwe maonekedwe ake. Ndi zinthu zabwino, uzigwiritse ntchito. Koma ine zinandigwetsa kangapo, ndipo ngati ugwe, ukagwe pena, osati pomwe ndinagwa ine.

Kugwa kwanga koyamba kunali koseketsa. Netiweki pasukulu paja inkagwira pamalo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa zimbudzi. Titamva kuti kubwera oyendera sukulu, ndinakwera pachulupo n'kupeza vidiyo yokongola yosonyeza mmene mvula imapangikira. Inasewera bwinobwino. Ndinatsika mtima uli m'malo, osakonzanso chilichonse cholemba pabolodi. M'mawa mwake bambo woyenderayo atakhala kumbuyo ndi faelo yake, ndinatsegula foni, kachizindikiro kodikiritsa kaja n'kumangozungulira pakati pa galasi. Ndinaimika foni pawindo, ndinaikweza m'mwamba, ndinaigwedeza, kaja kali zungulire. Mwana wina anafunsa mwaulemu ngati tingapite kuchulu, ndipo poti mutu unali utaima, ndinavomera. Tinatuluka kalasi yonse pamzere, bamboyo ali pambuyo ndi nsapato zake zonyezimira, kudutsa pazimbudzi. Titafika pachulu batire inatha. Anangondifunsa ngati choko chinasowa pasukulupo, kenako analemba zake mufaelo.

Choncho, Rute, chilichonse chimene ukufuna kuonetsa ana uchite dawunilodi uli pamalo pomwe netiweki ili ndi mphamvu, uchisunge mu laputopu ndi pa kakhadi kena kapadera. Ku Vubwi ndamva kuti malo ena foni imadumphira netiweki ya ku Malawi, ndiye usadalire za tsiku lomwelo. Ndipo phunziro lililonse uzilikonza ngati kuti makinawo afa kale. Ulowe ndi choko m'thumba. Vidiyo ikasewera, chabwino. Ikakana, ana asadziwe n'komwe kuti panali vidiyo.

Kachiwiri ndinagwa pa nyengo za pachaka. Ndinapeza vidiyo ya zithunzi zokoka, yokhala ndi kanyimbo, ana anaikonda mpaka kumaimba popita kwawo. Inapangidwa kudziko lina lakutali, wolankhulayo akuthamanga ndi Chingerezi cha m'mphuno, ana akungogwedeza mitu. Ine poona mitu ikugwedezeka ndinati amva. Pamayeso a mwezi ndinafunsa kuti Disembala kuno kwathu kumakhala kotani. Ambiri analemba kuti kumazizira kwambiri ndipo kumagwa zoyera kuchokera kumwamba. Amenewa ndi ana amene Disembala aliyense amapalira chimanga thukuta lili kamukamu, mvula ikuwapeza m'munda. Anakhulupirira foni kuposa khungu lawo, ndipo wowaphunzitsa kutero ndinali ine. Kuyambira pamenepo ndinkatseka mawu a vidiyo n'kumalankhula ndekha m'Chinyanja, kuimitsa pakatipakati n'kufunsa ngati kwathu kuno zimakhala choncho. Iwenso uzichita zimenezo. Mwana akagwedeza mutu, umuuze kuti afotokozere mnzake zimene waona, pamenepo m'pomwe udzadziwe ngati wamva.

Kachitatu m'pomwe Esinala akulowa m'nkhaniyi. Foni ndi kanthu kakang'ono, kalasi inali yodzaza mpaka pakhomo. Ndinkaima kutsogolo n'kuikweza, a pamabenchi awiri oyamba n'kumaona, otsalawo n'kumamva phokoso chabe. Temu yathunthu sindinaganizepo za iwo. Tsiku lina nditaonetsa vidiyo ya mtima wa munthu ukupopa magazi, ndinati aliyense ajambule chimene waona. Makope akutsogolo anabwera ndi mitima, ina yooneka ngati mapapaya, komabe mitima. Kope limodzi la kumbuyo linabwera ndi dzanja litagwira foni, lojambulidwa mosamala, mpaka mphete yanga ya ukwati inalipo. Ndinaitana mwini wake kuti ndimukalipire chifukwa cha chipongwe. Anabwera mtsikana wamtali, wowonda, n'kugwada pafupi ndi tebulo.

“Ndajambula chimene ndinaona, Amadamu,” anatero.

Ankakhala kumbuyo chifukwa ankafika mochedwa, mudzi wawo unali kutsidya kwa mtsinje. Ndinamusamutsira pabenchi yoyamba, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti mwana wanzeru kuposa onse ndinali nditamusiya kumdima. Nditamuonetsa mtima uja payekha, sanadabwe ngati anzake. Anafuna kudziwa kuti analowetsa bwanji kamera m'chifuwa, ndiponso ngati munthuyo anachira. Sindinadziwe yankho, ndinamuuza kuti ndikafufuza, ndipo sindinafufuze. Atate ake, a Sakala, anali woumba njerwa, munthu wosalankhulalankhula, ndiwo anaumba njerwa za nyumba ya aphunzitsi imene tinkakhalamo ija. Tsiku lina anandipeza pamjigo n'kundiuza kuti mwanayo ndimugwire bwino, chifukwa m'banja mwawo palibe amene anadutsapo giredi seveni. Iwe ukalowa m'kalasi mwako, uyambe wakhala pabenchi yomaliza, uone chimene chikuoneka kuchokera kumeneko. Uziyendetsa laputopu mzere ndi mzere, ngakhale zidye nthawi.

Chaka chomwecho bungwe lina linapatsa sukulu yathu sola ndi pulojekita, makina oponya chithunzi pakhoma. Ndinasangalala kwambiri, chifukwa tsopano ngakhale a kumbuyo akanaona. Tinkapachika nsalu yoyera ya pabedi pabolodi, mawindo n'kutseka ndi masaka. Ndikanakhala ndi foni yokha, zimene ndikufuna kukuuzazi zikanaonedwa ndi ana khumi, mwina osazindikira n'komwe. Koma zinaonekera pansalu yaikulu, kalasi yonse ili tcheru.

Tinafika pamutu wa miyambo ya kwathu. Ukudziwa kumene ndinachokera: agogo ako aamuna anali mkulu wa mpingo kuno ku Sinda, agogo ako aakazi Mnsenga, ndipo ife ng'oma za gule zikamveka tinkalowetsedwa m'nyumba, chitseko n'kutsekedwa. Ndakhala pakati pa Achewa a ku Mkaika zaka zambiri, koma chimene ndinkadziwa pa za gule n'chakuti ukakumana ndi chilombo panjira upatuke. Sindinafunsepo zambiri, ndinkaona ngati si zanga. Inali nthawi ya holide yochepa ya pakati pa temu, iwe uli kunyumba kuchokera kusekondale, ndipo ndinakutuma ku Katete kuti ukandipezere vidiyo ya magule a Achewa. Unabwera nayo pa kakhadi, utanyadira kuti wapeza yaitali komanso yooneka bwino. Ndikudziwa kuti wakumbukira. Mvetsa bwino pano: iwe unachita zimene ndinakutuma, ndipo mlandu ulibe. Ndinakubisira zaka zonsezi poopa kuti ungadzisenzetse katundu amene ndi wanga.

Vidiyoyo inali ya pafupifupi theka la ola. Ndinaonera mphindi zisanu zoyamba ndikusenda mbatata. Ng'oma, amayi akuwomba m'manja, zilombo zikuvina pabwalo fumbi lili kobo. Ndinati basi, ndi zomwezi mpaka kumapeto, n'kuzimitsa. Ahedi athu, a Daka, anali mwana wa dera lomwelo, wodziwa zonse za kumeneko, ndipo ofesi yawo inali moyang'anana ndi kalasi yanga. Sindinawaonetse. Ndinkafuna kuti adzangomva ana akusimba kuti Amadamu aja abweretsanso zatsopano.

Linali Lachiwiri, titangochoka kubuleki. Vidiyo itayamba ana anasangalala, ena n'kumaimba nawo chifukwa nyimbozo ankazidziwa. Kenako wina anati mtengo wa mango uwo akuudziwa, wina n'kuti mjigo uwo ndi wa kwawo. Zinapezeka kuti alendo ena amene anabwera nyengo ya mwambo wa Kulamba zaka za m'mbuyo anazungulira m'midzi ndi makamera awo, n'kufika kutsidya kwa mtsinje wathu womwewo. Munthu wanzeru akanaimitsa pomwepo n'kuyamba waonera yekha. Ine ndinanyada, ndinapita kukaima kumbuyo kwa kalasi manja nditapinda. Patapita nthawi chithunzi chinayamba kugwedera, kukuoneka masamba kutsogolo, monga mwa munthu wojambula atabisala patchire. Kunali kudambwe, kumalo kumene zilombo zimakonzekera, kumene mkazi kapena mwana wosavinidwa saloledwa ngakhale kusuzumira. Chilombo china chinakhala pachipika, chinakweza manja n'kuchotsa chakumutu, ndipo munthu wa m'katimo anatenga chikho n'kuyamba kumwa madzi. Nkhope yake inadzaza nsalu yonse.

Anyamata akuluakulu amene anali atalowa kale gule anaimirira n'kutuluka. Atsikana ena anadziphimba kumaso ndi zitenje. Ine ndinkapanikizana ndi mabenchi kuti ndifike kutsogolo, ndipo nditafika batani lozimitsira sindinalipeze. Esinala anali pabenchi yoyamba, pomwe ndinamuika ine. Sanadziphimbe. Anayang'ana nsaluyo n'kunena motsitsa mawu, ngati akulankhula yekha:

“Atate.”

Mwana wina wa kumpingo kwathu anaseka. Pomalizira ndinangozula chingwe kukhoma.

M'mawa mwake theka la kalasi silinabwere. Masana kunafika akuluakulu anayi, anakhala ndi a Daka pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi. Ine sanandiitane, chifukwa nkhaniyo sinali yokamba ndi munthu wamkazi. Panalibe kukuwa kapena kuopseza, ankalankhula motsitsa mpaka dzuwa kupendeka. Atapita, a Daka anandiitana, anandipatsa mpando, n'kuyamba kusanja mapepala amene anali osanja kale.

“Mukanandifunsa, Amadamu,” anatero. “Ndimakhala pompano tsiku lililonse.”

Anandifotokozera pambuyo pake kuti akuluakulu aja ine anandiona ngati mlendo wosadziwa, ndipo nkhani yanga anaimaliza iwo a Daka. Kulemera kwake kunagwera a Sakala, amene sankadziwa n'komwe kuti anajambulidwa. Anzawo anati anachita mphwayi, anavula osayang'ana kutchire, ndipo chifukwa cha iwo ana ndi akazi aona zosayenera kuona. Zimene anakambirana kwawoko sindikuzidziwa ndipo si zanga kuzidziwa. Chimene ndinaona n'chakuti munthu uja anasiya kudutsa njira ya kusukulu, ndipo anthu anasiya kumuitana kukaumba njerwa. Esinala anabwera masiku atatu. Ana a kumpingo ankamutcha mwana wa chilombo, ana a kugule osamulankhula. Tsiku lachinayi benchi yoyamba inali ndi malo.

Pali china chimene chimandichititsa manyazi kuposa vidiyoyo. Lamlungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, mayi wina anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kundiyamika kuti ndachita bwino kuulula za mumdima. Ndinadziwa kuti akunama, kuti ine sindinaulule kanthu chifukwa cha chikhulupiriro, ndinangochita ulesi posenda mbatata. Koma dzanja langa sindinalichotse. Ndinamwetulira, chifukwa sabata yonse panalibe wina amene anandilankhula mokoma. Rute, ukalakwitsa pantchito padzapezeka anthu okuuza kuti unachita bwino, chifukwa kulakwa kwakoko kwagwirizana ndi mkangano wawo. Usawamvere. Chikhulupiriro chathu ndili nacho mpaka lero, koma sichinanditume kuchititsa manyazi bambo pamaso pa mwana wake.

Ndinkati ndipita kutsidya kukapepesa. Sabata yoyamba ndinati mitima iyambe yazizira. Yachiwiri mtsinje unali ndi madzi, ngakhale ana ankawoloka tsiku ndi tsiku. Yachitatu ndinali ndi makope ambiri. Kutatsala mwezi kuti mayeso ayambe, ndinaona pawindo kalole kakudutsa pamsewu, pamwamba pali mphasa, nkhuku m'dengu ndi chikombole cha njerwa. Ankasamukira kwawo kwa amayi ake a Esinala, kufupi ndi malire ku Vubwi. Ndinali pakati polemba masamu pabolodi, ndipo ndinapitiriza kulemba. Dzina la mtsikanayo linabwera pamndandanda wa olemba mayeso, desiki lake linakhala lopanda munthu masiku onse a mayesowo. Chaka chitatha ndinapempha kusamukira kuno ku Sinda. Iwe ndinakuuza kuti n'chifukwa cha dimba la atate ako ndi maondo angawa. Maondo ankawawadi, koma sanali chifukwa.

Ndinayesa kuti vidiyoyo ichotsedwe. Mphunzitsi wina wodziwa Chingerezi chabwino anandithandiza kulemba uthenga pansi pake, kupempha mwaulemu. Palibe anayankha. Chinthu chaulere cha pa intaneti nthawi zambiri sudziwa khomo loti ukagogode, ndipo amene anachiikapo mwina anaiwala kalekale kuti anafikako ku Katete. Kenako ndinalakwanso mwa mtundu wina: chaka chathunthu sindinaonetse ana vidiyo iliyonse, pulojekita ya kuno inangokhala m'kabati. Ana a chaka chimenecho anaphunzira mtima wa munthu pa chojambula changa cha choko, chimene chinkaoneka ngati papaya kuposa zonse zija. Iwo sanalakwe kanthu. Usatengere mantha angawo.

Tengera izi m'malo mwake. Vidiyo iliyonse uionere wekha mpaka kumapeto, mpaka chithunzi chide, manja ako asakugwira ntchito ina. Ikhale ya mphindi ziwiri kapena ya ola, uimalize. Ndaona mmene umachitira, umadumphitsa ndi chala n'kunena kuti waimva. Ngati ikukhudza miyambo, maliro, chinamwali, mapemphero a anthu kapena matupi awo, uionetse kaye kwa munthu wamkulu wa dera lomwelo, ahedi kapena wa komiti ya makolo, ndipo akakuuza kuti ayi, usafunse zifukwa zambiri, zina sangakuuze. Uchenjere kwambiri ndi zojambulidwa kufupi. Phiri lolavula moto lilibe m'bale wake m'kalasi mwako, koma munthu wojambulidwa ku Chadiza kapena kutsidya kwa malire akhoza kukhala amalume a mwana wa pabenchi yachitatu. Udziwe pomwe pali batani lozimitsira usanayatse, ndipo uziima pafupi nalo. Nawenso usamajambule ana a eni n'kuwaponya pa intaneti chifukwa choti aimba bwino. Sudziwa kalasi imene adzaonetsedwe zaka zikubwerazi.

Tsopano za pamsika. Ndinapita ku Katete kukagula ndowa zako zija. Ndikusankha, ndinamva wina akuti Amadamu, ndipo potembenuka ndinaona mayi atabereka khanda, wagwira kamtsikana padzanja, akugwada pakati pa anthu ndi matumba. Ndinamuzindikira msanga. Anabwera kudzaperekeza apongozi ake kuchipatala. Anandilonjera bwinobwino, anafunsa za atate ako ndi za maondo anga, ngati kuti tinasiyana dzulo pa mtendere. Ine ndinangoyamba kubwebweta za iwe, kuti wamaliza koleji, kuti akutumiza ku Vubwi, n'kutchula sukulu. Anati ndi pafupi ndi kwawo, ndipo kamtsikanako kayamba giredi wani komweko Januwale. Ndinafunsa za a Sakala. Anati anamwalira dzinja la chaka chapita, atadwala chifuwa. Kusukulu iye sanabwererenso, anakwatiwa ali wamng'ono.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimene ndinalephera kukanena kutsidya kuja, koma iye ananditsogolera.

“Amadamu, vidiyo ija ikadalipo?”

Ndinaganiza kuti akufuna kudziwa ngati manyazi awo akadali poyera. Ndinayankha kuti kaya, mwina anaichotsa kalekale. Linali bodza. Chaka chilichonse ndimaifufuza kuti ndione ngati yachoka, ndipo ilipo, aliyense akhoza kuitsegula. Esinala anayang'ana pansi, akukonza nsalu ya khanda.

“Atate sanajambulitsepo chithunzi,” anatero. “Chitupa chawo chinanyowa ndi mvula, nkhope inafufutika. Ndimafuna uyu adzaone agogo ake. Nanenso nkhope yawo yayamba kundithawa.”

Apongozi ake anamuitana kuchokera kutsidya kwa msewu, anatsanzika n'kupita. Ine ndinatsala nditagwira ndowa ziwiri. Ndinamva chisoni chimene sindinamvepo pa nkhani yonseyi, ndipo ndinazindikira kuti ndamulakwira kachiwiri, ulendo uno ndikudziwa chimene ndikuchita.

Ndiye akabwera, ndipo adzabwera chifukwa wamva kuti uli ndi laputopu, usamunamize ngati ine. Umulandire ngati mayi wa mwana wa sukulu, umupatse mpando, umutchule kuti inu. Usandipepesere, zimenezo ndi zanga, ndipo mwezi wa Epulo ndikadzabwera kudzakuona udzandiperekeze kwawo, maondo afune asafune. Koma usathamangirenso kumutsegulira vidiyoyo chifukwa cha chifundo. Malo aja akadali oletsedwa kwa iye, kwa mwana wake ndi kwa iwe, ndipo midzi ya kumeneko nayo ili ndi gule wake. Ukaitsegula pakhonde pako anthu akudutsa, udzabwereza zanga pa temu yako yoyamba. Umuuze kuti abwere ndi amalume ake kapena mchimwene wa malemuwo, munthu wamwamuna wodziwa mwambo. Umufotokozere bamboyo kuti n'zotheka kuimitsa chithunzi n'kudula nkhope yokha, osaoneka chovala, chakumutu kapena malowo, n'kukaisindikiza papepala ku Chipata ngati chithunzi wamba cha munthu. Akakana, wakana, umuuze Esinala zoona zake. Akalola, umupatse laputopu ayang'ane yekha poyamba, iwe utuluke panja.

Dzina la vidiyoyo ndalemba pakapepala kamene ndamata kuseri kwa tsamba lino. Aliyense amene adzadule, kaya iwe bamboyo atakuloleza, kaya wina amene angamusankhe, asadule pomwe akumwa madzi, chifukwa chikho chimaphimba pakamwa. Apitirire pang'ono. Ife m'kalasi sitinafike pamenepo, ndinali nditazula chingwe. Ndinadzaona ndili ndekha, patapita chaka, tsiku limene ndinaionera koyamba mpaka kumapeto. Akamaliza kumwa amapukuta pakamwa ndi dzanja, amatembenukira kwa munthu wina amene sakuoneka, n'kuseka mano onse ali panja. Ine sindinawaonepo a Sakala akuseka ali moyo. Padulidwe pamenepo.

Uyende bwino, mwana wanga, Mulungu akutsogolere.

Ndine mayi ako.